Nyambo mu Mtsuko wa Mankhwala

Akuti ndine wonyada. Amayi a m'mudzi muno kwa Kalembo akakumana pamjigo nkhani ndi ine: Mwanaidi sagona pamaliro, Mwanaidi amangofika, kupepesa, dzuwa lisanapendeke wanyamuka ngati wasiya khanda kunyumba. Anene, pakamwa ndi pawo. Tsiku lina mmodzi adzalimba mtima n'kundifunsa pamaso, ndipo ndidzamukokera m'nyumba mwanga, ndimuvundukulire mtsuko uli pakona uja, anunkhize yekha.

Mwana wanga Thokozire ali ndi matenda a shuga, aja obaya jakisoni m'mawa ndi madzulo. Anamupeza nawo ali kupulayimale, ataonda mpaka anthu kuyamba kunong'ona zina. Mankhwala ake ndi kabotolo kakang'ono ngati chala changa ichi, dzina lake insulini, ndipo kamadana ndi kutentha. Anamwino anatiuza tonse atatu, ine, mwanayo ndi bambo ake, titakhala pa benchi limodzi. Anati kabotoloka kakatenthedwa kamafa ngakhale kakuoneka kodzaza, ukabaya umangobaya madzi. Amene ali ndi firiji aike m'firiji. Ife a kumudzi anatiphunzitsa za mtsuko.

Ndinapita ndekha kwa mayi woumba mbiya, ndinasankha mtsuko waukulu ndi kamphika kolowa mkati mwake. Pakati pa ziwirizo umathira mchenga wa kumtsinje n'kumaunyowetsa tsiku ndi tsiku, pamwamba n'kuvundikira chiguduli chonyowa. Ukapisa dzanja m'kamphikamo, ngakhale mu Okutobala wa ku Balaka uno, mumakhala mozizira. M'nyumba yathu yonse ya malata malo ozizira ndi amenewo basi, ndipo ndi a kabotolo ka mwana wanga.

Amuna anga, che Zuberi, ndi msodzi wa mbedza. Kwawo ndi ku Chikweo, anakulira pa nyanja ya Chiuta, anabwera kuno kudzandikwatira n'kuyamba kuwedza mu Shire. Sindinganame, ulesi alibe. Matenda awo ndi nyambo. Anzawo amakumba nyongolotsi, ena amadula sopo, basi ulendo wa kumadzi. Iwo iyayi. Kale anagwirako ganyu yopalasa bwato pamalo ena ogona alendo ku Liwonde, n'kuona alendowo akuwedza ndi phala la tchizi. Chibwerereni kumeneko mutu unazungulira. Tchizi cha m'sitolo tingachithe ife? Ndiye anayamba kupanga chawo. Amatenga mkaka wosasa kwa bambo wina wa ng'ombe, amaumanga m'nsalu n'kuupachika kuti udonthe mpaka patsale chibuma, kenako amakanda ndi gaga, ufa wa chinangwa, timafuta pang'ono ndi thonje lonyotsolanyotsola kuti phalalo ligwire pa mbedza. Akatero amalisiya livunde. Fungo lake, abale inu, ngakhale ntchentche imayamba yaganiza kaye.

Koma milamba imafera zomwezo, pamenepo sinditsutsa. Ndiwo zimene Thokozire amadya osaopa ndi nsomba zimenezo. Ulendo wa mwezi ndi mwezi wokatenga mankhwala kuchipatala chachikulu umayendanso ndi nsomba zomwezo. Mlamba ukapanda kugwidwa, wa kabaza sakudziwa, ndipo zimenezi m'nyumba mwathu sitinkabisa, tinkanena mwana ali pomwepo.

Tsono nyambo imeneyi nayonso imadana ndi kutentha. Ikatenthedwa imasungunuka, imachita mphutsi, pa mbedza sikhala. Che Zuberi ankaisunga m'kamphika kawo kokwirira pansi pa nthochi kuseri kwa bafa. Kangapo konse anandinyengerera kuti aike kachidutswa kokha mu mtsuko wa mwana, ndipo kangapo konse ndinawayankha kuti tsiku limene adzatero adzapinde mkeka wawo azipita ku Chikweo. Iwo ankaseka, ankayesa nthabwala.

Okutobala wa chaka chatha kunabwera uthenga wa maliro. Anamwalira anali azakhali awo a che Zuberi, ku Chikweo komweko. Imvani bwino pamenepa: maliro a kwawo, osati a kwathu. Kupita tonse awiri sikukanatheka, mwana akanatsala ndi ndani? Che Zuberi anati madzi atentha, milamba ikudya, ndipo angokanda kumene nyambo yambiri. Ndipite ine, poti pamaliro chimene chimasowa ndi manja a amayi kumoto. Ndinavomera, chitsiru ine. Ndinamuitana Thokozire, ndinamuonetsa ndowa yothirira mchenga ngati sakuidziwa, ndipo ndinawauza bambo ake iye akumva kuti mtsuko usaume.

"Pitani bwino, mayi a Thoko," anatero. "Mwanayu ndi wanganso."

Ku Chikweo ndinaphika, ndinatunga madzi, ndinatsuka mbale za abale awo mpaka zala kuyera. Maliro ataikidwa ndinati ndizipita, alamu anga anati iyayi mlamu, dikirani sadaka. Sadaka itatha anati dikiraninso, kukubwera ashehe ena kudzawerenga duwa, mapemphero opempherera malemu. Ndikaimba foni kunyumba yankho linali limodzi: "Kuno kuli bwino, Alhamdulillah." Ndikati mundipatse mwana ndimumve, ankati wapita kumjigo, kapena wagona, kapena ali kwa anzake. Sabata inatha ine ndikupala mapoto a eni.

Tsiku lobwerera ndinatsika minibasi dzuwa lili paliwombo, dothi likuotcha kudzera m'masilipasi. Ndisanafike pakhomo ndinakumana ndi a Bernadetta, oyandikana nawo nyumba, akuchokera kwathu ndi kapu m'manja.

"Mwachita bwino mwabwera, mayi a Thoko. Mwanayu chiyambire dzulo akungosanza. Bambo ake amugulira mankhwala a malungo pagolosale, apita kukaonjola mbedza, akuti sachedwa."

Chikwama ndinachiponya pabwalo. Thokozire anali gone pa mkeka pabalaza, milomo itang'ambika, pambali pake chigubu cha madzi atachimaliza chonse. Ankapuma mokoka ngati munthu amene wathamangitsidwa ndi galu, ndipo mpweya wake unkanunkha ngati mango owola. Fungo limenelo ndinkalidziwa, ndi lomwe anali nalo ulendo woyamba uja tisanadziwe matenda ake.

"Wabaya lero?" ndinamufunsa.

Anavomera ndi mutu.

"Dzulo? Dzana?"

Anavomeranso.

Ndinathamangira pakona. Chiguduli chinali chonyowa bwinobwino, mchenga wonyowa, chilichonse m'malo mwake, moti mtima unatsika pang'ono. Nditavundukula, fungo linandimenya kumaso. M'kamphika muja munali chibuma cha nyambo chokulunga mu jumbo, chodzaza mpaka kukamwa, chozizira bwino kwambiri, chosamalika ngati mwana wa bwana. Kabotolo munalibe.

"Mankhwala ali kuti?"

Thokozire anakweza chala n'kuloza kudenga.

Inu mukudziwa mmene timachitira kuno. Chinthu chikakhala chofunika timachisomeka kudenga, pakati pa phaso ndi lata, kumene mwana wokwawa, nkhuku kapena mbuzi sizifika. Chitupa, lumo, kiyi wa njinga, zonse zimakhala kumeneko. Ndinakokera mtondo, ndinakwera, ndinapisa dzanja, lata n'kundiotcha kumbuyo kwa zala. Ndinatulutsa kachitini ka majarini, kotseka bwino, kotentha ngati kangochoka pamoto. Mkati mwake munali kansalu koyera kamene amuna anga amakulungira mikanda yawo yopempherera, ndipo m'kansaluko, atakakulunga mwaulemu wonse, munali kabotolo. Madzi ake anali atachita timibulu.

Sindinalire. Ndinawapempha a Bernadetta kuti akaitane wa njinga yamoto kumsewu, ine n'kuyamba kumuveka mwana. Ali m'njira yobwerera a Bernadetta, ndiye atulukira che Zuberi akukankha njinga yawo, milamba ikuluikulu italendewera pa handulo, iwo mano onse panja.

"Mwafika, mayi a Thoko? Taonani izi."

Ndinawaonetsa kachitini. "Ichi n'chiyani?"

Kumwetulira kunachepa, koma osati kwambiri, poti munthuyo sankadziwa n'komwe kuti pali mlandu. Anaimika njinga n'kuyamba kufotokoza modekha ngati akuphunzitsa mwana kumanga mbedza.

"Agalu a kwa anzathu a Elliam anafukula kamphika kanga n'kukaswa tsiku lomwe munachoka. Nyambo yonse ija ikanaola. Ndiye ndinati ndiike kaye umo mpaka ndipeze kamphika kena."

"Mankhwala n'kuwaika kudenga."

"Nanga ndikanawasiya pamodzi ndi nyambo? Fungo lija likanalowa m'mankhwala a mwana. Ndinawaika pabwino, pamthunzi, pamene dzuwa silifika. Ndinkamutsitsira ndekha m'mawa ndi madzulo, sanadumphitse ngakhale kamodzi."

Mwamva zimenezo? Munthu anaganiza. Akanakhala kuti anaiwala, kapena analedzera, mwina ndikanadziwa pogwira, koma mowa samwa ndipo sanaiwale kanthu. Anakhala pansi ndi mutu wake wonse n'kupeza kuti chibuma chowola chigone pozizira, mwana wake azibaya madzi ofunda. Ndipo mchenga ankathirira ndithu, tsiku ndi tsiku, monga ndinawauzira, kuthirira nyambo.

"Pa benchi paja anamwino akuyankhula, inu munali kuti? Makutu munawasiya m'bwato?"

"Anati asaombedwe ndi dzuwa."

"Anati kutentha, che Zuberi. Kutentha. Lowani umu, kwerani pa mtondo apo, mugwire lata."

Analowa, anakwera, anagwira, n'kuchotsa dzanja msanga. Anayang'ana chikhatho chawo, kenako mwana pa mkeka, ndipo pamenepo ndi pamene nkhope inagwa.

Ndinawauza mawu amene sindingawabwereze pano, ndipo mpaka lero sindinapepese. Ndinatchula azakhali awo omwe ndinkawaphikira sadaka, ndinatchula Chikweo yense ndi nyanja yake. Kenako ndinatola munsi kuti ndiswe mtsuko uja pamodzi ndi nyambo yake. A Bernadetta ndiwo anandigwira mkono ali wefuwefu.

"Mukaswa, mankhwala atsopano mudzaika pati?"

Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Munsi ndinaubweza pansi.

Wa njinga yamoto atafika anayang'ana mwana, anayang'ana ine, kenako anayang'ana milamba. Che Zuberi anamasula ikuluikulu ija n'kumupatsa popanda kukambirana. Ndinaona, ndipo zinandiwawa kuposa lata lija, poti nsomba zogwidwa ndi nyambo yomweyo ndi zimene zinatinyamula. Thokozire tinamukhazika pakati, ine kumbuyo nditamumanga ndi chitenje pamsana pa woyendetsa kuti asagwe.

Kuchipatala chaching'ono anamubaya chala, kamakina koyezera shuga kakulephera ngakhale kuwerenga, shuga atakwera kupitirira malire ake. Anamuika diripi n'kutikweza ambulansi ya ku boma. M'njira mwana anasiya kuyankha. Ndinkamutsina patsaya, ndinkamuitana, ndinkamukalipira kuti asayerekeze kundichita zimenezo, iye phee, akungokoka mpweya uja. Ndinkapemphera ndi kutukwana nthawi imodzi, Mulungu andikhululukire, ndipo sindikudziwa kuti anamva ziti.

Ku wodi dokotala wina wachitsikana anandifunsa ngati mwanayu amadumphitsa jakisoni. Ndinati iyayi, n'kutulutsa kabotolo kaja. Anakayang'anitsitsa pawindo, anakapendeketsa, n'kundifunsa kumene timasunga.

"Kudenga," ndinatero.

Anandiyang'ana ine, ine amene ndinasenza mtsuko uja pamutu kuchokera kwa woumba, ngati akuona mayi wopanda nzeru kumutu. Anayamba kundiphunzitsa za mchenga ndi chiguduli, pang'onopang'ono kuti ndimve. Ndinangoti inde, inde. Dzina la amuna anga sindinalitchule, ndipo chifukwa chake sindichidziwa. Zimenezonso zimandipsetsa mtima ndikazikumbuka.

M'mawa mwake che Zuberi anafika pa njinga yawo yakapalasa, mtunda wonsewo, ndi nsomba zowamba atazikulunga m'nyuzipepala. Ku wodi sanayerekeze kulowa. Anakhala pansi pa mtengo pafupi ndi chipata, kofia ili m'manja, ndipo anakhala pomwepo masiku onse amene mwana anali chikomokere. Ndikamapita kukaphika ndinkadutsa ngati ndikudutsa chitsa. Amayi ena odikirira odwala anayamba kundilangiza kuti amuna anu ndi abwino, athu sabwera n'komwe. Ndinawayankha kuti amene akuwafuna awatenge, ndiwaonjezera ndi nyambo yawo yaulere.

Mumtima ndinali nditamaliza kale mlandu. Mwanayu akapita, che Zuberi asadzaponde pamanda ake. Akadzuka, ndiitana ankhoswe, munthu apinde mkeka monga ndinanenera. Ndinkakhala pambali pa bedi ndikuyang'ana madontho a diripi, n'kumakonza mawu amene ndidzanene pamaso pa ankhoswewo, ndipo anali mawu abwino ndithu.

Anadzuka m'mawa wina anamwino atangomaliza kuyendera odwala. Anatsegula maso, anandiyang'ana, ananyambita milomo. Ine ndinali nditagwira kale dzanja lake ndikuyembekeza kuti anene kuti amayi. Maso ake anandidutsa n'kupita kukhomo.

"Ababa ali kuti?"

"Ali panja."

"Nyambo ija inagwira?"

Ndinamusiya dzanja. Funso limenelo silinali la munthu amene sakudziwa chimene chamugoneka m'chipatala.

"Thoko, tandiyang'ana. Iwe unali pa benchi paja. Unkadziwa kuti kudenga n'kotentha?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye bwanji sunawauze bambo ako? Bwanji sunathamangire kwa a Bernadetta? Foni ndinkaimba tsiku ndi tsiku."

Anayankha motsitsa mawu, akupumira pakati, koma mosazengereza, ngati nkhani imene anaikonza kalekale.

"Pa foni ndinkakana ndine, amayi. Mukanandimva mawu. Ababa sankadziwa, iwo ankayesa achita bwino. Ndikanawauza akanachotsa nyambo, ikanaola yonse. Ndiye mwezi uno tikanakwera chiyani pokatenga mankhwala ena? Ndimati kabotolo kapirira mpaka mubwere."

Ndinafuna kumumenya. Ndikunena zoona, ndinafuna kumumenya mbama mwana amene anali ndi diripi m'manja onse awiri, ndipo ndinachita kukhalira manja anga. Ndinamuuza kuti ndi chitsiru kuposa bambo ake, kuti nkhani ya kabaza si ya ana, kuti ndikanagulitsa mbuzi, ndikanagulitsa malata omwewo, ndikanamubereka kumsana mpaka ku boma. Anangondiyang'ana ndi maso ake aakulu aja n'kunena kuti mbuzi tinagulitsa kale ulendo woyamba uja.

Ndinatuluka. Che Zuberi atandiona ndikulunjika kumtengo kuja anaimirira.

"Wadzuka," ndinawauza. "Akufunsa ngati nyambo yanu inagwira. Ankadziwa kuti mankhwala akufa kudenga, anakhala chete kuti chibuma chanu chisaole. Lowani mukamuyankhe."

Sanalowe nthawi yomweyo. Anakhala pansi pa fumbi n'kuphimba nkhope ndi kofia. Sindinawatonthoze. Ndinatola nsomba zowamba zija n'kupita nazo kumoto, poti mwana anali atadzuka ndi njala ndipo ndiwo zina panalibe.

Ankhoswe sindinawaitane. Mawu anga abwino aja anaolera m'mimba. Che Zuberi akadali pano, nyambo akupangabe, poti mlamba sunasinthe zokonda zake ndipo wa kabaza sanayambe kunyamula anthu ulere. Anagula miphika yawo iwiri, anaimangira kakhola ka njerwa kuti agalu asafike, ndipo pakona ya mtsuko wa mwana sadutsa n'komwe, amachita kulambalala ngati pali njoka. Kamphika kaja ndinakatsuka ndi phulusa, ndi mchenga, ndi mandimu, ndinakayanika padzuwa, koma dothi linamwa fungo lija ndipo silichoka. M'mawa ndi madzulo ndikavundukula limandilandira, mtima n'kuyambiranso kupsa ngati zachitika lero.

Amene akuidziwa nkhaniyi amaganiza kuti ndimathawa pamaliro kuti ndizilondera amuna anga. Iwo aja anagwira lata, sadzabwerezanso. Ine ndimathamangira Thokozire, mwana amene anadziika pa sikelo pamodzi ndi chibuma cha mkaka wowola n'kupeza kuti chibuma ndicho cholemera. Kabotolo ndimatulutsa ndekha, ndimakayang'ana powala ndekha, ndipo ndimaimirira pomwepo mpaka singano italowa.

Sabata yatha bambo ake anabwera kuchokera kumadzi chimanjamanja masiku otsatizana, mphepo itavuta. Madzulo ake ndikumupatsa kabotolo, Thokozire anakayang'ana mmene katsalira, kenako anayang'ana njinga ya bambo ake yopanda kanthu pa handulo.

"Amayi," anatero, "nditachepetsako pang'ono pobaya, kangafike mwezi wa mawa."

Ndinamulanda jakisoni m'manja n'kumubaya ndekha, mlingo wonse. Mawa kuli maliro kutsidya kwa msewu, ndipo ndikapepesa n'kubwerera dzuwa lisanapendeke.